Za Malasha a M'dziko la Malawi ndi Mbiri ya Kukumbidwa Kwake

Munthu wochoka m'tauni ya Salima m'mamawa kulinga ku nkhalango ya Kuti sayenda mtunda wautali asanakumane ndi njinga zosenza matumba a makala. Zimadza mondondozana, eni ake akuzikankha pamene mchenga wachuluka, ndipo pofika masana makalawo amakhala atalowa kale m'mbaula za m'tauni. Nkhalango ya Kuti, imene kale inali malo owetera ng'ombe ndipo tsopano imasunga mbidzi, mphalapala ndi nyama zina, yatsala ngati chilumba cha mitengo pakati pa minda, pakuti kunja kwa malire ake mitengo ikuluikulu njowerengeka. Mwana wa sukulu wa kumeneko akamva mphunzitsi wake akunena kuti pansi pa nthaka ya Malawi pali miyala yoyaka moto, amafunsa funso loyenera ndithu: ngati miyalayo ilipo, nanga mitengo ikutheranji? Yankho lake ndi mbiri ya zaka zoposa 140, ndipo mphunzitsi wosaidziwa mbiriyo adzangomuuza mwanayo kuti akhale chete.

Poyamba payenera kulekanitsidwa mawu awiri amene amasokoneza ana ndi akulu omwe. Makala ndi nkhuni zimene munthu wazitentha m'uvuni wokwirira ndi dothi. Mtengo wake unali wamoyo mwezi wathawu. Malasha ndi mwala wakuda wokumbidwa pansi, umene unapangika ndi zomera za m'madambo akalekale, zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, zimene zinagwa, ndi kukwiririka m'matope ndi mumchenga, ndi kupanikizika kufikira zinalimba. Ku Malawi mawu awiriwa amasiyanitsidwa bwino, koma olankhula Chinyanja ku Zambia amatchula makala a nkhuni kuti malasha. Tsono mwana wochokera ku Chipata kapena ku Lusaka akanena kuti amake amaphikira malasha, mphunzitsi asamudzudzule, pakuti sananame. Liwuli lili ndi abale ake m'zinenero zina: Ashona amati marasha, Azulu amati amalahle, ndipo limamveka konse kumene amuna a dziko lino anapita kukagwira ntchito m'migodi.

Pansi pa Kuti palibe malasha odziwika. Chigwa cha Salima ndi mchenga ndi matope zimene Nyanja ndi mitsinje monga Linthipe ndi Lilongwe zinasiya m'kupita kwa nthawi, ndipo mapiri a ku Senga ndi miyala yolimba imene inalipo kale malasha asanayambe kupangika. Malasha amagona m'miyala imene akatswiri amaitcha Karoo, potengera dzina la chigawo china cha ku South Africa kumene miyala yotere njochuluka. M'dziko lino miyala ya Karoo inatsalira m'zigwa zochepa zotitimira, ndipo zigwazo zili ku malekezero awiri a dziko: kumpoto ku Livingstonia, ku North Rukuru, ku Lufira ndi ku Ngana m'mbali mwa mtsinje wa Songwe, kummwera ku Lengwe ndi ku Mwabvi m'chigwa cha Shire. Wophunzira ayenera kutenga mapu ndi kuyeza yekha. Malasha abwino ali kumpoto, kumene njanji sinafike ndi kale lonse, ndipo mafakitale owafuna anamangidwa ku Blantyre, makilomita oposa 700 kummwera. Koma kuchokera ku Blantyre kufika ku migodi ya Moatize m'dziko la Mozambique sipakwana makilomita 250. Amene wagwira manambala awiriwa wagwira mutu wa nkhani yonse, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa ntchito yokumba malasha m'Malawi sikunatsate kuchuluka kwa malasha pansi pa nthaka, koma kunatsata kutseguka ndi kutsekeka kwa njira.

Anthu a ku Tete ndi Apwitikizi anawadziwa kale malasha a m'mbali mwa mtsinje wa Revubue, ndipo David Livingstone atafika ku Tete mu 1856 anapita kukawaona, nawalemba m'buku la maulendo ake. Pobweranso mu 1858 anadza ndi mnyamata wodziwa za miyala, dzina lake Richard Thornton, kuti akawapime. Maganizo a Livingstone anali akuti sitima za nthunzi zidzakwera Zambezi zikudya malasha a ku Tete, ndi kuti malonda a thonje adzalowa m'malo mwa malonda a akapolo. Koma mathithi a Cahora Bassa anatseka njira ya Zambezi, ulendowo unakhotera ku Shire, ndipo unafika pa Nyanja mu 1859. Kasitima kake, Ma Robert, kanali kususuka nkhuni, kotero kuti anthu ake anali kutaya nthawi yambiri podula mitengo kuposa poyenda pamadzi.

Chimene chinayamba ndi Ma Robert chinasanduka mwambo wa pa Nyanja. Ilala yoyamba, imene amishoni a Livingstonia anaiyandamitsa mu 1875, Domira ya kampani ya African Lakes, Guendolen ya Boma, Chauncy Maples ya amishoni a ku Likoma, zonsezi zinali kuyenda ndi nkhuni. Pa madooko panali milu ya nkhuni zodulidwa muyeso umodzi, zimene anthu a m'midzi anali kugwetsa ndi kusenza pamutu kufikitsa pagombe. Ndipo sitima ikakocheza, ntchito yoyamba inali yolonga nkhuni, katundu ndi anthu pambuyo. Chodabwitsa nchakuti sitima zomwezo podutsa pansi pa phiri la Chombe, limene Azungu analitcha Mount Waller, zinali kupitirira malasha, pakuti m'zaka za m'ma 1880 zinali zitadziwika kale kuti m'zigwembe za kumeneko muli mwala woyaka. Palibe anaona phindu lowakumba. Mtengo unali pafupi ndi madzi, nkhwangwa inali m'nyumba iliyonse, ndipo malipiro a wodula nkhuni anali ochepa koposa. Ngakhale Dr. Robert Laws, amene anasamutsira mishoni ya Livingstonia pa phiri la Khondowe mu 1894, pamwamba penipeni pa miyala ya malasha, pofuna magetsi sanakumbe pansi. Anatchinga madzi a mtsinje, ndipo pofika 1905 nyali zinali kuyaka ndi mphamvu ya madzi.

Boma la Atsamunda silinagone pa ntchito yofufuza. Pakati pa 1906 ndi 1909 akatswiri awiri, A. R. Andrew ndi T. E. G. Bailey, anayendera dziko kufunafuna miyala ya mtengo wapatali, nalemba za zigwa za Karoo. Mu 1921 kunafika Frank Dixey, amene anatsogolera ntchito yopima miyala kufikira 1939. Iye anapima malasha a ku Sumbu, kumadzulo kwa Chikwawa, ndipo ndi yemweyo anafotokoza za miyala ya ku Karonga mmene mumapezeka mafupa a zinyama zazikulu zakalekale zija. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse akatswiri ena anaboola pansi ndi makina, ndipo mu 1957 kunasindikizidwa buku lofotokoza malasha a ku Ngana, mu 1959 lina lofotokoza a ku Livingstonia. Zonse zinalembedwa mwaluso, mapu anajambulidwa, koma mgodi sunatsegulidwe. Malasha a kummwera, amene anali pafupi ndi njanji, anapezeka kuti ali ndi phulusa lambiri. A kumpoto, amene anali abwino, analibe njira yowatulutsira. Mabukuwo anaikidwa m'makabati ku Zomba, nadikira zaka zina pafupifupi 30.

M'menemo njanji inali itabwera ndi yankho lina. Inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, kumene tsopano ndi ku Nsanje. Mu 1935 kunatha ntchito ziwiri zazikulu pa nthawi imodzi: mlatho wa pa Zambezi ku Dona Ana, wotalika kuposa makilomita atatu ndi theka, umene unalumikiza Nyasaland ndi dooko la Beira popanda kuwoloka pa bwato, ndi njanji ya kumpoto yochokera ku Blantyre, yodzera ku Balaka ndi ku Chipoka. Cholinga choyamba chinali chakuti njanjiyo ikathere ku Domira Bay, koma inaimira pa Salima, ndipo mudzi umene unali wosadziwika unasanduka malo otsitsira ndi okwezera katundu wa chigawo chapakati: fodya, thonje, mtedza, mpunga. Anthu ambiri a m'chigwa cha Salima anawaona malasha koyamba m'masiku amenewo, ali m'ngolo ya kumbuyo kwa injini, mnyamata wakuda bii ndi fumbi akuwaponya m'ng'anjo ndi fosholo. Koma malashawo sanali a dziko lino. Anali kuchokera ku Wankie m'dziko la Southern Rhodesia, ndipo njanji itafika ku Moatize mu 1949 anayamba kuchokeranso kumeneko. Ngongole ya mlatho wa Zambezi inalemera pa dziko laling'onoli kwa zaka zambiri, ndipo mlatho womwewo ndiwo unatsekereza malasha a ku Livingstonia pansi, pakuti munthu sakumba chitsime kuphiri madzi akuyenda pakhomo.

Pano pali chinthu chimene mabuku a sukulu amachilumpha. Ngakhale dziko la Nyasaland linalibe mgodi wa malasha, linali ndi okumba malasha ambiri. Amuna ochokera ku Nkhotakota, ku Dowa, ku Dedza, ku Nkhata Bay ndi m'maboma ena anali kuyenda ulendo wa ku Halale ndi wa ku Joni, ndipo ena mwa iwo anathera m'migodi ya malasha ya ku Wankie. Mwina injini yoima pa Salima inali kutentha malasha amene mwana wa m'mudzi wapafupi anakumba ndi manja ake kutali ndi kwawo. Pa 6 June 1972 mgodi wachiwiri wa ku Wankie unaphulika, nupha anthu 427, ndipo pakati pawo panali Amalawi. Mitembo ya ambiri sinatulutsidwe. Mgodiwo unatsekedwa nukhala manda awo, ndipo mzindawo, umene lero ukutchedwa Hwange, umawakumbukira chaka ndi chaka. Wolemba mbiri ya malasha a Malawi amene angowerenga matani otuluka m'nthaka ya Malawi mokha adzalemba ziro pa zaka zonsezi, ndipo adzakhala ataiwala anthu.

Pofika nthawi ya ufulu mu 1964, ngakhale malasha obwera anayamba kuchepa ntchito. Ilala yachiwiri, imene inayamba kuyenda mu 1951, inali ya dizilo. Chauncy Maples inasinthidwa mu 1967 nisiya nkhuni. Ndipo m'zaka za m'ma 1960 injini za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa za nthunzi pa njanji. Magetsi a dziko anakhazikika pa mtsinje wa Shire, kuyambira ndi mathithi a Nkula mu 1966. Otsala ofuna malasha anali mafakitale: ng'anjo ya simenti ya ku Changalume pafupi ndi Zomba, ndi makampani okonza fodya, owomba nsalu ndi ofulula mowa, amene amafuna nthunzi yotentha usana ndi usiku. Onsewa anali kugula kunja, ndipo panalibe wodandaula.

Chimene chinatsegula mgodi woyamba ndi nkhondo ya m'dziko la eni. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya pakati pa Boma la Frelimo ndi gulu la Renamo inafika pa njanji ziwiri zimene Malawi anali kupumirapo. Ya ku Beira inaleka kuyenda, ya ku Nacala, imene inatsegulidwa mu 1970, inatsekekanso pofika 1984, ndipo mu 1986 mlatho wa ku Dona Ana unaphulitsidwa. Malasha a ku Moatize anasowa potulukira. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira pa galimoto mpaka ku Durban, mtunda wa makilomita zikwi zingapo, ndipo mtengo wa chinthu chilichonse cholemera unakwera moopsa. Pamenepo mabuku aja a m'makabati anatsitsidwa ndi kusasidwa fumbi. Mu 1985 Boma linakhazikitsa kampani ya migodi yotchedwa MIDCOR, ndipo chaka chomwecho inayamba kukumba pa Kaziwiziwi, kuseri kwa Livingstonia. Mu 1987 inatsegula mgodi wa Mchenga pafupi ndi Chiweta, m'boma la Rumphi. Kuchokera pamene malashawo anadziwika kufikira pamene anayamba kukumbidwa panapita zaka pafupifupi 100.

Kakumbidwe kake sikanali ka zitsime zakuya monga za ku Joni. Mzere wa malasha umaonekera m'mbali mwa phiri, tsono okumba amalowa nawo cham'mbali, akuboola ngalande ndi kusiya nsanamira za malasha omwewo kuti zigwire denga. Ntchito yambiri njamanja, ndipo ngozi yake yaikulu ndi kugwa kwa denga, ndi fumbi limene limalowa m'chifuwa pang'onopang'ono. Malashawo akatuluka amakwezedwa pa malole, ndipo apa ndi pamene mtengo wake umakulira, chifukwa lole yotsika nawo ku Blantyre imamwa dizilo wogulidwa kunja pa kilomita iliyonse.

Boma la Salima linaiona nkhondoyo mwa njira yakeyake. Pofuna khomo lina la mafuta, Malawi anatembenukira kumpoto, ku dooko la Dar es Salaam. Mafuta ndi katundu wina anali kufika ku Mbeya pa njanji, ndi kutsika pa galimoto kudzera ku Karonga mpaka ku Chilumba, ndipo kuchokera kumeneko anali kuyenda pa Nyanja kufikira ku Chipoka, kumene njanji inali kuwalandira. M'zaka zomwezo, kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza mowa wa injini kuchokera ku manyuchi a nzimbe, wosakaniza ndi petulo kuti wogula kunja achepe. Nzeru zonsezi, pamodzi ndi migodi ija, zinabadwa ndi usiwa umodzi.

Mtendere unabwerera ku Mozambique mu 1992. Mgodi wa Kaziwiziwi unali utatsekedwa patapita zaka zowerengeka chiutsegulire, ndipo unadzatsegulidwanso pambuyo pake ndi eni ena. Wa Mchenga unachoka m'manja mwa Boma m'zaka za m'ma 1990 nupita kwa makampani. M'zaka za m'ma 2000 kunaphuka migodi ina ing'onoing'ono m'maboma a Rumphi ndi Karonga, ina nikhala zaka zingapo, ina nifa msanga. Malasha otuluka m'dziko lonse anakwera pang'ono, natsikanso, nakweranso. Koma m'zaka zambiri amawerengedwa m'matani zikwi makumi angapo, osafika 100,000 pa chaka.

Nambala imeneyi njoyenera kuilemba pa bolodi, pakuti ndiyo imayankha funso la mwana wa ku Kuti uja. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17 miliyoni ndi theka, okhala m'mabanja pafupifupi 4 miliyoni. Ana a m'kalasi yapamwamba angathe kugawa okha: ngakhale malasha onse a chaka chabwino atagawidwa mofanana, banja lililonse silingalandire makilogalamu oposa 25, ndiko kunena kuti thumba limodzi losadzaza pa chaka chathunthu. Ndiponso malasha aiwisi saphikira bwino m'khitchini yaing'ono, chifukwa amavuta kuyatsa ndipo utsi wake ngwonunkha ndi wopweteka m'chifuwa. Chifukwa chake malasha a Malawi sanalowepo pansi pa mphika wa nsima. Anapita ku ng'anjo za simenti ndi ku mafakitale. Mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikabe ndi nkhuni kapena makala, monga momwe sitima za pa Nyanja zinali kuyendera m'masiku a Laws, kungoti pakamwa pofuna nkhunizo pachuluka, ndipo mitengo ndiyo yachepa. Amene amalankhula ngati kuti migodi ya kumpoto idzapulumutsa nkhalango za ku Salima sanachite masamu awa.

Chaka cha 2011 chinabweza mbiri pamene inali mu 1949, koma mokulirapo. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutulutsa malasha ku Moatize m'migodi yotseguka pamwamba, yokumbidwa ndi makina aakulu ngati nyumba. Pofuna njira ya ku nyanja yamchere, inamanga njanji yatsopano yolowa m'Malawi kudzera m'maboma a Chikwawa, Mwanza ndi Neno mpaka pa Nkaya m'boma la Balaka, pamene njanji ya ku Salima imakumana ndi ya ku Nacala. Pofika 2017 sitima za ngolo zoposa 100 zinali kudutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde usana ndi usiku. Mu 2018 migodi ya Vale inatulutsa matani oposa 11 miliyoni. Ndiko kuti m'sabata limodzi Moatize anali kukumba malasha oposa amene Malawi yense amakumba m'zaka ziwiri. Mu 2022 Vale inagulitsa migodiyo pamodzi ndi njanji kwa kampani ya Vulcan, ndipo sitimazo zikudutsabe. Kwa eni migodi ya ku Rumphi ndi ku Karonga ili linali tsoka, pakuti mafakitale a ku Blantyre anapezanso malasha pafupi, ndipo ogula ena anawatembenukira msana.

Migodi ikafa simapita nazo zipsera zake. Wa ku Mwabulambo m'boma la Karonga unatsekedwa mu 2015, ndipo chaka chotsatira bungwe la Human Rights Watch linafalitsa lipoti lonena kuti maenje anasiyidwa osakwirira pafupi ndi midzi, ndi kuti mabanja ena anasamutsidwa popanda chipukutamisozi chokwanira. Lamulo la migodi la 1981, limene linalembedwa mgodi wa malasha usanatsegulidwe ngakhale umodzi, linasinthidwa mu 2019. Mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu ya pafupi ndi mgodi wakale adzachita bwino kudziwa kumene kuli maenjewo asanatume ana kukatola nkhuni kapena kukatunga madzi.

Panali nthawi imene zinaoneka ngati malasha adzalowa m'magetsi a dziko. Madzi a Shire atachepa ndipo magetsi atayamba kuzimazima, Boma linagwirizana ndi kampani ya China Gezhouba kuti imange nyumba ya magetsi a malasha ya mamegawati 300 pa Kam'mwamba m'boma la Neno. Malo amenewa sanasankhidwe chifukwa cha malasha a Malawi, koma chifukwa ali m'mbali mwa njanji ya ku Moatize. Ntchitoyo inachedwa chaka ndi chaka posowa ndalama, ndipo mu 2021 dziko la China linalengeza kuti silidzamanganso nyumba zatsopano za magetsi a malasha kunja kwa dziko lawo. Chaka chomwecho ku Salima kunatsegulidwa munda wa magalasi okola dzuwa wa mamegawati 60, womangidwa ndi kampani ya JCM. Magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse. Koma kalembera wa 2018 uja anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinali kuunikira ndi magetsi a mawaya.

Yatsala nkhani ya mafuta, imene imakhudza gombe la Salima kuposa malasha. Malawi sanatulutsepo mafuta a pansi pa nthaka ndi dontho lomwe. Petulo, dizilo ndi palafini zonse zimabwera kudzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. Koma Nyanja ili m'chigwa chong'ambika, chakuya mamita pafupifupi 700 pamalo pake pozama, ndipo pansi pake paunjikana matope a zaka mamiliyoni, amene m'malo ena ngochindikala makilomita anayi kapena kuposa. M'matope otere ndi mmene mafuta amapangika, ngati zotsalira za tizilombo ndi zomera za m'madzi zakwiririka mozama ndi kutenthedwa nthawi yokwanira. Lamulo la kufufuza mafuta linakhazikitsidwa mu 1983, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University ku America anayenda pa Nyanja ndi makina otumiza mawu pansi ndi kumvetsera kubwerera kwake, napima kuchindikala kwa matopewo. Mu 2005 akatswiri ena anaboola pansi pa Nyanja ataimika makina awo pa chombo cha Viphya. Iwo sanali kufuna mafuta, koma mbiri ya mvula ndi chilala ya zaka zikwi mazana ambiri, yolembedwa m'mizere ya matope.

Mafuta atapezeka ku Uganda mu 2006, m'chigwa cha nyanja ya Albert chimene chili cha mtundu womwewo, maso a amalonda anatembenukira ku Malawi. Boma linagawa dziko m'zigawo 6 zofufuzamo mafuta, ndipo mu 2011 linapereka zilolezo za zigawo ziwiri za pa Nyanja kwa kampani ya Surestream Petroleum ya ku Britain. Zina zinaperekedwa kwa makampani ena mu 2012 ndi 2013. Zilolezozo zinadzutsa mlandu wakale. Dziko la Tanzania linanena mu 2012 kuti malire ake ali pakati pa madzi, pamene Malawi amagwira pangano la Britain ndi Germany la 1890, limene linaika malire pagombe la kum'mawa. Mlanduwo unapita kwa atsogoleri opuma a maiko a Africa, wapampando wawo ali Joaquim Chissano wa ku Mozambique, ndipo sunathe. Mu 2014 Boma latsopano linaimitsa zilolezo zonse kuti liunike momwe zinaperekedwera.

Asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chipoka anali ndi nkhawa yawoyawo, yosakhudza malire. Nyanja ya Malawi imatulutsa madzi ake pang'ono kwambiri kudzera mu Shire, kotero chimene chatayikira m'menemo sichichoka msanga. Ndipo muli mitundu ya nsomba mazana ambiri imene sipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Zilumba za Maleri, zimene zimaonekera kuchokera pagombe la Salima, zili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984, ndipo bungwelo linachenjeza Boma za kuopsa kwa kuboola mafuta pafupi ndi malowo. Mtengo wa mafuta utagwa pa misika ya dziko lapansi kumapeto kwa 2014, changu cha makampani chinazirala. Kufikira lero chitsime cha mafuta sichinakumbidwe pa Nyanja, ndipo injini za mabwato opita kokoka usipa usiku zimayenda ndi petulo amene wadutsa malire a dziko pa thanki ya galimoto kapena ya sitima.